Phunziro la Mwezi Uno: Kusankha Inshuwalansi ya Chipatala ya Okalamba ku America

KWA MTSOGOLERI WA PHUNZIRO

Phunziroli ndi lalitaliko, choncho mukhoza kuligawa pawiri. Sabata yoyamba werengani kufikira mutu wachinayi, ndipo sabata yachiwiri mumalize ndi kukambirana mafunso ali kumapeto. Ngati pagulu panu pali mayi amene ali ndi mwana kapena m'bale ku America, m'pempheni athandize pokambirana.

MAU OYAMBA

Ena mwa ife tili ndi ana kapena abale ku America. Alipo amene anapitako kalekale kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ya unamwino, ndipo tsopano imvi zayamba kuwatuluka. Aliponso amene anaitanitsa amayi awo kuti akawathandize kulera ana, ndipo agogowo akhazikika komweko. Tikamayankhula nawo pafoni chakumapeto kwa chaka timawamva akudandaula za Medicare, za makalata ochuluka ochokera ku makampani, ndi za tsiku lotsekera limene layandikira. Ife kuno timangodabwa, pakuti tinazolowera kuti ukadwala umanyamula kabuku kako ka kuchipatala n'kupita ku chipatala cha boma osalipira, kapena ku chipatala cha mishoni monga St Luke's ku Malosa kumene umalipirako ndithu koma mtengo wake umaudziwa. Ku America zinthu sizili choncho. Kugonekedwa m'chipatala masiku ochepa chabe kumadya madola masauzande ambiri, ndipo wodwala wopanda inshuwalansi amatha kusiyira banja lake ngongole yaikulu.

Tiphunzira nkhaniyi kuti tithe kulangiza abale athuwo. Tionanso za okalamba oyankhula Chisipanishi, amene ndi gulu lalikulu kwambiri mwa anthu a kumeneko amene Chingerezi si chiyankhulo chawo. Mavuto awo ndi omwewo amene agogo athu oyankhula Chichewa amakumana nawo. Mfundo yoti tiigwire ndi iyi: inshuwalansi yabwino kwa wokalamba ndi imene ikulipira dokotala wake ndi mankhwala ake, yosankhidwa nthawi isanathe, mwini wakeyo atamva bwinobwino m'chiyankhulo chake.

1. MEDICARE N'CHIYANI?

Medicare ndi inshuwalansi ya chipatala imene boma la America linakhazikitsira anthu a zaka 65 ndi kupitirira apo. Pulezidenti Lyndon B. Johnson anasaina lamulo lake pa 30 Julayi 1965 mumzinda wa Independence ku Missouri. Khadi loyamba analipereka kwa Harry Truman, pulezidenti wakale amene m'nthawi yake anayesetsa kubweretsa inshuwalansi ya boma koma sizinatheke. Medicare inayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 1966. M'chaka cha 1972 anaonjezerapo anthu olumala osafika zaka 65, ndiponso odwala amene impso zawo zinasiyiratu kugwira ntchito. Lero anthu oposa 65 miliyoni ali pa Medicare, ndiko kuti pafupifupi katatu chiwerengero cha anthu onse a m'Malawi muno.

Mbali ina ya ndalama zake imachokera ku msonkho wa apantchito. Wantchito amadulidwa 1.45 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo womulemba ntchito amaperekanso chimodzimodzi. Mbali ina imachokera ku misonkho ina ya boma ndi ku zimene okalambawo amalipira pamwezi. Choncho tisaganize kuti Medicare ndi yaulere. Imachepetsa mtolo koma siichotseratu.

Tisasokonezenso Medicare ndi Medicaid. Maina akufanana koma ndi zinthu ziwiri. Medicare imayang'ana zaka za munthu, pamene Medicaid ndi thandizo la anthu opeza zochepa, ndipo malamulo ake amasiyana malinga ndi chigawo cha dzikolo, kaya ndi Texas, Florida kapena New York. Wokalamba wosauka akhoza kukhala nazo zonse ziwiri.

2. MAGAWO ANAYI

Medicare ili ndi magawo anayi amene amawatchula ndi zilembo. Ndi bwino kusunga maina ake monga alili, chifukwa ndi amene m'bale wanu adzawaona pakhadi ndi pamakalata.

Part A imalipira munthu akagonekedwa m'chipatala. Amene anagwira ntchito ku America n'kumadulidwa msonkho uja zaka 10, kapena amene mwamuna wake kaya mkazi wake anatero, salipira kanthu pamwezi. Komabe akagonekedwa pali ndalama yoyamba imene amapereka yekha Medicare isanalowererepo. M'chaka cha 2025 ndalamayi inali madola 1,676.

Part B imalipira kuonana ndi dokotala, kuyezetsa magazi, kujambulidwa, ndi chithandizo chimene munthu amalandira n'kubwerera kunyumba. Iyi amalipira pamwezi. Mu 2025 anthu ambiri ankapereka madola 185 mwezi uliwonse, ndipo kwa olandira penshoni ya boma ya Social Security ndalamayi imadulidwa komweko. Munthu akapereka yekha madola 257 oyamba a chaka chimenecho, Medicare inkalipira 80 pa 100 iliyonse, iye n'kulipira 20 yotsalayo. Mitengo ya madolayi imasintha chaka ndi chaka, koma kagawidwe ka 80 ndi 20 kamakhala komweko.

Part D ndi ya mankhwala olemberedwa ndi dokotala amene munthu amakatenga ku famase. Inayamba mu 2006. Imagulitsidwa ndi makampani ovomerezedwa ndi boma, ndipo kampani iliyonse ili ndi mndandanda wake wa mankhwala amene imalipira. Lamulo la mu 2022 linathandiza kwambiri pamenepa. Kuyambira 2023 wodwala matenda a shuga salipira kupitirira madola 35 pamwezi pa insulin imene ili pa mndandanda wa pulani yake, ndipo mu 2025 anaika malire akuti munthu asatulutse m'thumba mwake kupitirira madola 2,000 m'chaka chimenecho pa mankhwala a pa mndandandawo.

Part C ndi imene imatchedwanso Medicare Advantage. Ndaiika pamapeto dala chifukwa iyo si gawo loonjezera, koma njira ina yolandirira zonsezi kudzera ku kampani.

Onani zimene Part A ndi Part B sizilipira: kuchotsa kapena kutsuka mano, magalasi a maso, timakina tothandiza kumva, ndi kukhala nthawi yaitali ku nyumba yosamalira okalamba kumene amangomusambitsa ndi kumudyetsa munthu. Mabanja ambiri amazindikira zimenezi mochedwa, agogo atayamba kale kufuna owasamalira usana ndi usiku.

3. NJIRA ZIWIRI

Wokalamba akafika pa Medicare amakhala ngati waima pamphambano.

Njira yoyamba ndi Medicare yoyambirira ija, ndiko kuti Part A ndi Part B zolipiridwa ndi boma lenilenilo. Ubwino wake ndi wakuti munthu amapita kwa dokotala aliyense kapena chipatala chilichonse m'dziko lonselo chimene chimalandira Medicare, ndipo ochuluka amalandira. Kuipa kwake ndi kwakuti 20 pa 100 ija ilibe malire. Chithandizo chikakwana madola 10,000 iye alipira 2,000, ndipo matenda akakhala aakulu monga khansa, gawo lakelo limangokwera. N'chifukwa chake ambiri oyenda njira iyi amagula inshuwalansi ina yotseka mipata yotchedwa Medigap, n'kugulanso Part D payokha. Amalipira zambiri pamwezi, koma akadwala mtima umakhala m'malo.

Njira yachiwiri ndi Medicare Advantage. Apa boma limapereka ndalama ku kampani, ndipo kampaniyo ndiyo imalipira chipatala, dokotala, kawirikawiri ndi mankhwala omwe, zonse pa khadi limodzi. Mapulani ambiri otere salipiritsa kanthu koonjezera pamwezi, ambiri amathandizako pa mano, maso ndi makutu, ndipo onse ali ndi malire a ndalama zimene munthu angatulutse pachaka. Mu 2025 malirewo sankaloledwa kupitirira madola 9,350 kwa wopita kwa madokotala a pulaniyo. Kuyambira 2023, anthu oposa theka la oyenerera anasankha njira imeneyi.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choyamba, ngakhale otsatsa amati pulani ndi ya madola 0, munthu amapitirizabe kulipira Part B mwezi ndi mwezi. Chachiwiri, kampani ili ndi gulu lake la madokotala ndi zipatala. Wopita kwa dokotala wa kunja kwa gululo amalipira zambiri, ndipo pa mapulani ena amalipira zonse yekha, pokhapokha ngati anadwala mwadzidzidzi. Chachitatu, pa chithandizo chodula kampani imafuna kuti dokotala ayambe wapempha chilolezo. Mu Epulo 2022 ofesi ya boma yofufuza za kayendetsedwe ka unduna wa zaumoyo inapeza kuti mwa mapempho okanidwa amene inawaunika, 13 pa 100 alionse anali oyenera kuvomerezedwa malinga ndi malamulo a Medicare. Choncho wokanidwa asangokhala chete. Ali ndi ufulu wochita apilo, ndipo dokotala wake akhoza kumuthandiza kulemba.

Palibe njira imene ili yabwino kwa onse. Wathanzi amene madokotala ake onse ali m'gulu la kampani akhoza kupindula ndi Medicare Advantage. Wodwaladwala, woonana ndi madokotala angapo a matenda osiyanasiyana, kapena wokhala miyezi ina kwa mwana uyu ku Texas ndi miyezi ina kwa mwana uyo ku Indiana, aganizire bwino za njira yoyamba.

4. MASIKU OSAYENERA KUIWALA

Zolakwa zambiri pa Medicare zimabwera chifukwa chochedwa.

Nthawi yoyamba yolembetsa ndi ya miyezi 7: miyezi 3 munthu asanakwanitse zaka 65, mwezi wobadwawo, ndi miyezi 3 pambuyo pake. Amene akulandira kale penshoni ya Social Security amalembetsedwa osapempha ndipo khadi limangobwera. Ena onse ayenera kulembetsa okha ku Social Security.

Wochedwa kulembetsa Part B amalipira chindapusa cha 10 pa 100 pa chaka chathunthu chilichonse chimene anachedwa, ndipo chindapusacho chimakhala mpaka kalekale, nthawi yonse imene ali pa Part B. Tiyeni tiwerengetsere ndi mtengo wa 2025. Wochedwa zaka 2 ankaonjezera 20 pa 100 ya madola 185, ndiko kuti madola 37 pamwezi, kapena madola 444 pachaka. Amene sakhudzidwa ndi amene akugwirabe ntchito ndipo ali ndi inshuwalansi ya kuntchito kwawo kapena kwa mwamuna kaya mkazi wawo. Iwowa amapatsidwa miyezi 8 yolembetsera ntchitoyo kapena inshuwalansiyo ikatha. Part D nayo ili ndi chindapusa chake kwa wokhala masiku 63 kapena kupitirira wopanda inshuwalansi yokwanira ya mankhwala. Agogo ena amati, ine sindimwa mankhwala, ndilipirirenji? Tsiku lowayamba likafika amapeza chindapusa chikuwadikira.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Okutobala kufikira pa 7 Disembala, aliyense akhoza kusintha pulani, ndipo yatsopanoyo imayamba pa 1 Januwale. Pofika pa 30 Seputembala kampani imatumiza kalata yofotokoza zimene zisinthe chaka chamawa. Kalata imeneyi isaikidwe pansi pa mphika. Mwina mtengo wakwera, mwina mankhwala a agogo achotsedwa pa mndandanda. Kuyambira pa 1 Januwale kufikira pa 31 Malichi, amene ali pa Medicare Advantage ali ndi mwayi wina umodzi wosinthira ku pulani ina kapena kubwerera ku Medicare yoyambirira.

5. KHOMO LIMENE LIMATSEKEKA

Mutu uwu tiumvetsetse, chifukwa otsatsa malonda sautchula kawirikawiri. Munthu wa zaka 65 kapena kupitirira akangoyamba Part B, ali ndi miyezi 6 imene kampani iliyonse yogulitsa Medigap iyenera kumulandira, kaya akudwala shuga, mtima kapena khansa, ndipo singamukwezere mtengo chifukwa cha matenda akewo. Miyezi 6 imeneyi ikatha, m'zigawo zambiri za dzikolo kampani ili ndi ufulu womufunsa za matenda ake, kumukwezera mtengo kapena kumukana. Zigawo zochepa monga New York ndi Connecticut ndizo zimateteza okalamba chaka chonse.

Tiyerekeze mayi wina wa zaka 65, wathanzi, amene wasankha Medicare Advantage chifukwa ndi yosalipira pamwezi. Pakupita zaka 5 apezeka ndi matenda aakulu, ndipo chipatala chodziwa bwino matendawo sichili m'gulu la kampani yake. Kubwerera ku Medicare yoyambirira aloledwa ndithu nthawi yosintha ikakwana, koma Medigap akhoza kumukana, ndiye kuti 20 pa 100 yopanda malire ija idzakhala pamutu pake. Lamulo limapereka mpata umodzi woyeserera: amene analowa Medicare Advantage atangofika zaka 65 akhoza kutulukamo chaka choyamba chisanathe n'kugula Medigap osakanidwa. Kotero chisankho cha pa zaka 65 tichichite tikuganizira thupi la zaka 75 ndi 85.

6. OKALAMBA OYANKHULA CHISIPANISHI

Anthu oposa 40 miliyoni ku America amayankhula Chisipanishi kunyumba kwawo. Makolo awo kapena iwo eni anachokera ku Mexico, Cuba, El Salvador, Dominican Republic ndi maiko ena, ndipo ambiri amakhala ku California, Texas, Florida ndi New York. Pakati pawo pali okalamba ambiri amene anagwira ntchito zaka zochuluka m'minda, m'mafakitale ndi m'nyumba za anthu, n'kudulidwa msonkho mokhulupirika, koma Chingerezi cha m'makalata a inshuwalansi chimawavuta. Chingerezi chimenecho chimavuta ngakhale eni ake.

Boma linachitapo kanthu. Buku limene Medicare imatumiza chaka ndi chaka, lotchedwa Medicare & You, lilipo m'Chisipanishi ndi dzina lakuti Medicare y Usted. Tsamba la Medicare la pa intaneti nalo lilipo m'Chisipanishi, ndipo woimba nambala ya 1-800-MEDICARE akhoza kusankha kuyankhula m'chiyankhulochi. Makampani a Medicare Advantage ndi Part D amalamulidwa kumasulira mapepala awo ofunika m'chiyankhulo chilichonse chimene ndi chobadwa nacho cha anthu 5 pa 100 alionse a m'dera limene akugulitsako, ndiponso kukhala ndi omasulira pafoni kwaulere. Zipatala zolandira ndalama za boma nazo ziyenera kupezera wodwala womasulira popanda kumulipiritsa.

Pali mfundo ina yokhudza chilumba cha Puerto Rico, chimene chili pansi pa America ndipo anthu ake amayankhula Chisipanishi. Kumeneko wolandira penshoni ya Social Security amapatsidwa Part A osapempha, koma Part B ayenera kulembetsa yekha. Wosadziwa zimenezi amakhala phee kudikira khadi lokwanira, n'kudzapeza kuti wagwa m'chindapusa chija.

Mabanja ambiri amadalira mwana kapena mdzukulu kuti azimasulira. Chithandizo chimenechi n'chabwino pa zina, koma pa nkhani ya chipatala chili ndi zovuta zake. Mdzukulu sadziwa maina a matenda ndi mankhwala. Agogo amachita manyazi kutchula matenda a kumaliseche kapena a chikhodzodzo pamaso pa mwana, ndiye amabisa. Ndipo mwana wotanganidwa amafulumira kusankha yekha n'kungouza kholo kuti sainani apa. Womasulira wophunzira ntchito yake amachotsa zovuta zimenezi. Posankha pulani ndi bwinonso kufufuza ngati m'gulu la kampaniyo muli dokotala woyankhula chiyankhulo cha wodwalayo. Kwa agogo amene akhala zaka zambiri ndi dokotala wowamva popanda womasulira, kutaya dokotalayo n'kutaya chinthu chachikulu kuposa magalasi aulere.

Oyankhula Chichewa ndi ochepa kwambiri kumeneko, choncho abale athu asayembekezere mapepala a Chichewa. Koma kupempha womasulira ndi ufulu wawo monga wa wina aliyense, ndipo azinena msanga tsiku loonana ndi dokotala lisanafike kuti achipatala akhale ndi nthawi yomufunafuna.

7. OTSATSA MALONDA NDI AKUBA

Okutobala akafika, wailesi, kanema ndi bokosi la makalata zimadzaza ndi malonda a mapulani, ena m'Chingerezi ena m'Chisipanishi. Munthu wokalamba akamva mlendo akumuyankhula m'chiyankhulo cha kwawo amamukhulupirira msanga ngati m'bale. Kumbukirani kuti wogulitsa amalipidwa ndi kampani pa munthu aliyense amene wamulembetsa. Ambiri ndi oona mtima, koma si onse amene amagulitsa mapulani a makampani onse a m'deralo.

Malamulo amaletsa wogulitsa kuimbira foni munthu amene sanamupemphe kapena kugogoda pakhomo osaitanidwa. Medicare yeniyeniyo siimbira munthu kuti imugulitse pulani. Wina akaimba n'kunena kuti khadi lanu latha ntchito, tipatseni nambala tikutumizireni latsopano, ameneyo ndi wakuba. Nambala ya pakhadi isungidwe ngati nambala ya ku banki. Wokayikira kuti wabedwa akanene ku bungwe la Senior Medicare Patrol, limene ntchito yake ndi yothandiza okalamba pa nkhani za chinyengo zotere.

Malangizo aulere osakondera kampani iliyonse amapezeka ku SHIP, ofesi ya alangizi imene ili m'chigawo chilichonse cha dzikolo. Alangizi ake sagulitsa kanthu. Safunsa anadya phula.

8. THANDIZO KWA OPEZA ZOCHEPA

Okalamba ambiri amalipira zimene sakanayenera kulipira chifukwa chosadziwa kuti thandizo lilipo. Extra Help imachepetsa mtengo wa mankhwala a Part D, ndipo amafunsira ku Social Security. Medicare Savings Programs amalipirira munthu ndalama ya pamwezi ya Part B, ndipo amafunsira ku ofesi ya Medicaid ya m'chigawo chake. Pa mtengo wa 2025, kulipiriridwa Part B kokha kunkapulumutsa madola 2,220 pachaka. Wina asachite manyazi kufunsa, pakuti thandizoli linaikidwira iye.

9. ZOKHUDZA ABALE ATHU A KU MALAWI

Agogo amene anapita ku America ndi chiphaso cha mlendo wokacheza sali pa Medicare, ngakhale atakhala ndi zaka 80. Ana awo awagulire inshuwalansi ya paulendo asananyamuke. Amene ali ndi green card koma sanagwireko ntchito zaka 10, ndiponso alibe mwamuna kapena mkazi amene anagwira, ayenera kukhala m'dzikolo zaka 5 zotsatizana asanaloledwe, ndipo Part A amaigula. Mu 2025 mtengo wake unkafika madola 518 pamwezi. Lamulo limene Pulezidenti Donald Trump anasaina pa 4 Julayi 2025 linachepetsanso magulu a obwera ololedwa pa Medicare, kotero kuti othawa kwawo amene alibe green card anachotsedwa pa mndandanda wa oyenerera. Amene zikumukhudza akafunse ku SHIP kapena ku Social Security.

Kwa amene akufuna kudzapumira kuno kumudzi atagwira ntchito kumeneko, mfundo yaikulu ndi yakuti Medicare kawirikawiri silipira chithandizo cholandiridwa kunja kwa America. Khadi lake siligwira ntchito ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Mapulani ena a Medigap amathandizako wodwala mwadzidzidzi m'masiku 60 oyamba a ulendo, koma okhazikika kunja sawerengedwa. Wa Medicare Advantage akakhala kunja kwa dera la pulani yake kupitirira miyezi 6 kawirikawiri amachotsedwa. Ndipo wosiya kulipira Part B pobwera kuno, akadzabwerera kukafuna chithandizo adzadikira nthawi yolembetsa ya Januwale mpaka Malichi n'kulipiranso chindapusa. Banja likhale pansi n'kuwerengetsera bwino asanagule tikiti.

10. KASANKHIDWE KAKE

Wothandiza wokalamba ayambe ndi pepala ndi cholembera, malonda aja ataikidwa pambali.

Choyamba, alembe maina a madokotala onse a agogo ndi chipatala chimene amakonda, n'kuimbira ku ofesi ya dokotala aliyense kufunsa ngati adzalandira pulaniyo chaka chamawa.

Chachiwiri, asonkhanitse mabotolo onse a mankhwala, alembe dzina ndi mlingo wake, n'kuwaika pa tsamba la Medicare loyerekezera mapulani, limene limaonetsa mtengo wa chaka chonse pa pulani iliyonse ndi pa famase iliyonse ya pafupi.

Chachitatu, afunse kuti chaka chikakhala choipa, agogo n'kugonekedwa kawiri, banja lidzatulutsa ndalama zingati. Mtengo wa pamwezi wokha sunena zonse.

Chachinayi, aone nyenyezi za pulaniyo. Medicare imapereka nyenyezi kuyambira 1 kufikira 5 poyesa kagwiridwe ka ntchito ka kampani.

Chachisanu, aganizire kumene agogo adzakhale ndi kumene amayenda.

Pomaliza, awafotokozere agogowo zonse m'chiyankhulo chawo, awapatse nthawi yofunsa, ndipo asankhe ndi iwo. Thupi ndi lawo, ndipo amene adzaime pawindo la famase ndi khadilo ndi iwowo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Fotokozani m'mau anuanu kusiyana kwa Medicare yoyambirira ndi Medicare Advantage. Inu mukanasankha iti, ndipo chifukwa chiyani?

2. N'chifukwa chiyani pulani ya madola 0 pamwezi ikhoza kudzadula kuposa yolipira?

3. Kodi munaperekezapo wokalamba kuchipatala n'kuona kuti sakumva zimene dokotala akunena? Munachitapo chiyani?

4. Ndi matenda ati amene agogo sangamasuke kutchula pamaso pa mdzukulu? Ndani pabanja kapena pagulu pathu angawaperekeze?

5. Tingasiyanitse bwanji kuthandiza kholo posankha ndi kulisankhira?

NTCHITO YA MWEZI UNO

Amene ali ndi m'bale wa zaka 64 kapena kupitirira ku America amuimbire foni n'kumufunsa ngati akudziwa mwezi wake wolembetsa, ndiponso ngati anawerenga kalata ya mu Seputembala. Ife tonse, mayi aliyense achezere wokalamba mmodzi wa m'dera lake, aone kabuku kake ka kuchipatala ngati iye walola, amulembere papepala maina a mankhwala amene akumwa ndi nthawi yake, ndipo amufunse ngati anamva zimene anauzidwa ulendo watha. Tidzauzana zimene tapeza pa msonkhano wa mwezi wamawa.